Mfundo ya ku Msasa

Ndili m'dzenje la nthambo ku Msasa,
madzi a mvula yadzulo andifika m'akakolo.
Pamwamba makombi a ku Mabvuku akulimbirana okwera.
M'manjamu muli maulusi awiri agalasi,
uliwonse ngati tsitsi limodzi.

Wina ngwakale, wa fakitale ya mabisiketi iyi,
mtima wake ngwotakata,
kuwala kumayendamo mopingasana
ngati anthu otuluka ku Rufaro mpira utatha.
Winawu wabwera chaka chino,
mtima wake kanjira ka nyerere imodzi.

Foromani Chigumira wati, lumikiza basi,
mwini fakitale akufuna intaneti isanakwane folo.
Ndasenda, ndapukuta ndi sipiliti, ndadula mowongoka.
Makina athetheka kamoto kawo,
magalasi asungunuka, agwirana.
Msoko wake sungauone ndi maso.

Koma mita sidziwa ulemu.
Kuchoka kopapatiza kunka kotakata
kuwala kwadutsa pafupifupi konse.
Ndatembenuza.
Kuchoka kotakata kulowa kopapatiza
kwafika kamphindi chabe ka tsinde,
kwinako kwamwazikira m'mbali mwa khomo,
kopanda phokoso, kopanda utsi.

Ndakhala pa bokosi la zida, mita ili m'manja.

Bambo anga a Lameki anatsika sitima mumzinda uno
ndi sutikesi yakatoni ndi Chichewa cha ku Ntcheu,
chodzaza mpaka m'milomo.
Ine ndinatolako chapakati.
Lamulungu lapitali ku Tafara
anamufotokozera mdzukulu wawo Ruvarashe
za mtengo wina umene dzina lake n'nali n'sanalimvepo.
Mwanayo anagwedeza mutu, nandiyang'ana.
Zake za Chishona iwo amamva zonse, mpaka nthabwala.
Zawo zimamufika ziwiri zitatu:
bwera, zikomo, wakula.

Wamaliza? Chigumira wasuzumira,
mutu wake watseka dzuwa.
Ndati pano pafunika kabokosi pakati,
kolandira kuwala mbali ino
n'kukubalanso mwatsopano mbali inayo.
Wati kabokosiko sikali pa pepala la ndalama.

Ndalemba nambala m'buku mmene yaonekera,
sindinaichepetse.
Ndakulunga mfundo, ndaigoneka m'thireyi yake,
ndakwera makwerero, nsapato zikulira madzi.
Takoka chivundikiro chachitsulo awiri.

M'kombi yobwerera ndatulutsa foni,
ndaimbira ku Tafara.
Ababa, mtengo uja munati chiyani?
Mawu akuduka, kondakitala akukuwa.
Nenaninso, pang'onopang'ono,
ndikulemba pa dzanja.