Mlingo wa Shuga

Lolemba nkhungu yatsika ku Kaning'ina,
yameza msewu wa ku Lunyangwa,
wakabaza wanditsitsa pageti osandiona nkhope.
Ndasamba m'manja mpaka m'zigongono,
ndapukuta tebulo ndi sipiriti,
pakuti muno nkhungu ndi ina:
kaubweya koyera kolowa m'botolo usiku
n'kudya mwana pamodzi ndi chakudya chake.

Mluza wa khofi ndi kanthu ngati njere ya chitowe.
Ndimautola ndi nsonga ya kampeni
m'kati mwa chipatso chosapsa,
ndipo kuyambira pamenepo ulibe mayi.
Mayi wake ndi sikelo iyi
ndi dzanja langa lomwe silinagone bwino.

Sulira.
Ukanamalira bwenzi ndikudziwa.
Ndimangoyerekeza zomwe mtengo ukanaupatsa:
shuga wambiri masabata oyamba,
nayitirojeni, potaziyamu, kachitsulo pang'ono,
madzi a kokonati yemwe NyaLongwe amagula kwa Mataifa,
zonse m'phala loundana, loonekera mpaka pansi.

Mahomoni ndiye sadzaza ngakhale nsonga ya singano.
Dontho la wina limati tsika, kafune nthaka.
Dontho la mnzake limati dzuka, tulutsa tsamba.
Akalimbana mphamvu mluza umangotupa.
Chaka chatha mu Juni, chisanu chitandiumitsa zala,
ndidasokoneza mlingo pashelefu yachinayi.
Mabotolo makumi atatu adadzaza tizotupa
tonenepa, toyera mbee, topanda mutu, topanda mwendo.
A Kayuni sadakalipe.
Adanyamula limodzi, n'kuliyang'ana pakuwala,
amvekere: akhuta ndithu awa,
koma sakudziwa kolowera.

Chovuta si kudyetsa.
Chovuta chimadza sabata yachisanu ndi chimodzi,
kamuzu kataloza pansi,
timasamba tiwiri titatambasuka ngati makutu a mbewa.
Pamenepo buku limati chepetsa shuga.
Yemwe adaupulumutsa uli wakhanda
tsopano aulemaza,
chifukwa tsamba lopeza zotsekemera pamapazi
siliona chifukwa chogwirira dzuwa ntchito.

Ku Zolozolo ndasiya Vinjeru ali mtulo.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Satifiketi yake ili mu envulopu pamwamba pa kabati,
yayamba kupindika m'makona ndi chinyezi.
M'mawa uliwonse ndimapinda ndalama kanayi
n'kuitsindira ndi kapu ya tiyi,
ndipo madzulo kapu imakhala yotsukidwa bwino.
Sitikambirana za izi.
Adabadwa miyezi isanakwane, ku Central,
wolemera ngati paketi imodzi ndi theka ya shuga,
ndinkam'donthezera mkaka ndi kasupuni
ndikuwerenga madontho.
Palibe adandilembera tsiku losiya kuwerenga.

Magetsi azima. Jenereta yatsokomola kawiri, yagwira.
Mabotolo abwerera m'kuwala kwawo kobwereka.

Mwezi wamawa tidzatsegula zivundikiro.
Tidzatsuka phala lonse kumizu,
tidzawaika m'mchenga wophika, pansi pa pulasitiki,
akalawe mphepo ya Mzuzu momwe ilili.
Pa khumi, atatu amafota.
Zaka zonsezi sindinaphunzire kudziwiratu kuti ndi ati.
Wina wooneka wanthete amalimba,
wina wonenepa amagwa tsiku lachitatu.
Otsalawo amakwera lole ya ku Misuku
osatembenuka,
ndipo mlimi wokawadzala sadzamva dzina langa.

Ndatsegula buku, ndalemba deti.
Shelefu yachiwiri: shuga, theka.
Dzanja silinanjenjemere.
Lachotsa magalamu khumi ndi asanu
ngati likuchotsa ulusi pamalaya.

Koma dzanja lomweli
lalowa m'chikwama nthawi yoweruka,
lapatula ya kabaza, lapatula ya matemba,
ndipo ina ija laipinda kanayi
ndisanaliuze.

Kunja nkhungu yayamba kubwerera kumapiri.
Ndayenda wapansi mpaka pa Katoto
ndili chifumbatire,
ndikuyesa kulemera kwake.