Simbi Yabwerera Kwawo

A Pritchard anatiuza tsiku lomwe tinalowa:
msomali ayi, khomali si lanu.
Ndiye zonse zimene tinaoloka nazo nyanja
zapanikizana pa thabwa limodzi
pamwamba pa malo osonkherapo moto
amene anawatseka ndi njerwa ife tisanabadwe.

Pali belu la njinga ya amalume, lopanda lilime.
Pali buku la nyimbo la amayi, chikuto chinathothoka,
mkati mwake mayina athu ndi masiku a ubatizo,
awiri atadulidwa ndi mzere wa bolopeni.
Ndipo pakati, ngati mwini maliro,
pakhala simbi ya makala ya bambo anga a Jailosi,
katambala kachitsulo kali njo pamphuno pake.

Pa Chileka sikelo inakana.
Ndinatulutsa nsapato, ndinatulutsa chiponde cha mlongo wanga,
simbi ndinaisiya momwemo, yokulunga m'juzi.
Nachisale anandiyang'ana osanena kanthu,
kuyang'ana kumene ndikulipirabe mpaka lero.

Zaka makumi atatu ku Zomba
bambo ankasita makabudula a anthu ena.
Ankavumata madzi, kuwaza pa khaki, fuu,
kenako kuikupiza simbiyo m'mwamba kuti makala adzuke.
Pamkono anali ndi chipsera chooneka ngati bwato.
Malaya awoawo ankasita pomaliza,
moto utatsala wa phulusa.

Loweruka lina kuno ku Wolverhampton,
pabwalo loimikapo magalimoto pamene amagulitsa zakale,
ndinapeza inzake, tambala yemweyo,
m'mimba mwake ataikamo maluwa ouma.
Mapaundi makumi anayi ndi asanu.
Ndinayamba kuwerengera miyezi imene bambo akanagwira,
ndinalekera panjira, mvula inali itayamba.

Mwatitha, wa zaka zisanu ndi zinayi,
amabisamo ndalama zachitsulo ndi dzino lake loguluka.
Tsiku lina anaitembenuza, nanyowetsa chala,
napukuta dzimbiri kumbuyo kwa chogwirira.
Adadi, apa palembedwa Birmingham.
Birmingham yomweyi, yokwerera sitima
tiyi asanazizire m'kapu.
Ndiye kuti iyi yabwerera kwawo, anatero,
alendo ndife.
Ndinaseka. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Mwezi wa Febuluwale, mamita anadya mayunitsi onse
nthawi ya folo m'mawa, shopu yapakona yotseka.
Yunifolomu ya Nachisale ili makwinya okhaokha,
sikisi koloko akhale atafika kukasambitsa okalamba.
Ndinatsitsa simbi pathabwa.
Ndalama ndi dzino ndinaika m'sosala.
Makala otsala a kanyenya wa chilimwe chatha
ndinawapeza m'kashedi, ozizira ngati miyala ya mumtsinje.

Kuseri kwa nyumba, pakati pa mabini,
nditavala jekete pamwamba pa zogonera,
ndinauzira, ndinauzira, maso akulira utsi,
mpaka kadiso kofiira kanatsegula.
Mkono wanga unayamba wokha kukupiza,
uku ndi uku, mmene sindinaphunzitsidwepo.
Mayi Dhillon anasuzumira pawindo la m'mwamba,
natseka katani, natsegulanso.

Ndinayala bulangeti patebulo la kukhitchini.
Ndinavumata madzi. Fuu.
Nsalu inalira, ndipo fungo lija linakwera,
fungo la khonde la kumbuyo ku Zomba,
la sopo wamtanda ndi thonje lotentha,
moti ndinatembenuka kuona ngati pakhomo paima munthu.
Panali Nachisale, nsapato zili m'manja.
Kolala, anatero. Yamba ndi kolala.

Simbi yabwerera pathabwa pake.
Alendo akabwera amaiyamikira, amafunsa ngati tingagulitse.
Mwatitha wabwezeramo chuma chake,
koma akudandaula kuti dzino lada ndi phulusa.
Pamkono panga pali kachipsera katsopano,
kakang'ono, sikanafike pa bwato.