Umboni Woti Ali Moyo

Dzina langa amaliiwala masiku ano.
Dzulo ananditchula Velenasi,
mlongo wawo amene tinamuika chaka cha njala ija.
Koma muwafunse nambala ya usilikali:
msana umawongoka wokha,
manambala amatuluka ali pamzere,
akuguba, osapunthwa ndi limodzi lomwe.

Kabuku kawo kotulukira ntchito
ndinakapeza m'sutikesi yamalata kunsi kwa bedi
ndikufunafuna khadi la kusikelo la mwana wanga.
Chiswe chinali chitadya ngodya.
Pachithunzi, mnyamata wa khosi lalitali
amene ndinamuzindikira ndi makutu okha.

Mwana wa a Kalimanjira ndiye ananditsina khutu
pachigayo pa Kamwendo, ufa uli m'nsidze:
"Athu amalandira mwezi ndi mwezi. Anu bwanji?
Si analondera limodzi njanji ku Mozambiki?"
Ndinasenza thumba osayankha.
Zaka zonsezi tikugulitsa mtedza usanaume
kuti tigule mapilitsi a mtima,
pamene ndalama zawo zagona kwinakwake
ngati mbatata yoiwalika mumzere.

Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku boma.
Anavala jekete ya paukwati wa achimwene,
nsapato atazipukuta ndi mwaye ndi malovu.
Ulendo woyamba, bwana ali kumaliro.
Wachiwiri, netiweki yathawa.
Wachitatu tinayamba tagulitsa mbuzi.

Mtsikana wa pakompyuta anayang'ana galasi,
anayang'ana bambo,
n'kubwereranso pagalasi.
"Mayi, Kopolo Chimphepo anamwalira. Zalembedwa apa."
Iwo ali pambali panga, akusenda nthochi.
"Liti?" anafunsa mwaulemu.
"Mundipepesere kwa anamfedwa,
uthenga sunandipeze."

Palibe anaseka kupatula mlonda wa pakhomo.

Pakufunika umboni woti ali moyo, anatero.
Ndinaloza mpweya umene unkakweza jekete.
Ayi, wapapepala.
Anawagwira chala kuchiika pa kamakina,
koma khasu ndi masamba a fodya
zinafufuta mizere kalekale.
Katatu kamakina kanaphethira kofiira,
kukana kuti pali munthu.

Pamenepo bambo anaika khoko la nthochi m'thumba,
anaimirira, mawondo akulira ngati chitseko,
zidendene pamodzi,
n'kutchula nambala ija mokweza
mpaka bambo wina waimvi, wodutsa ndi mafayilo,
anaima pakhonde.
"Bwerezani."
Anabwereza.
Womwalirayo anali Chimphepo wina, wa ku Mkanda.
Nambala zawo zinasiyana pothera pokha,
cholembera cha munthu wofulumira kukadya
chinaika bambo anga m'manda a mnzawo.

Tinasaina, ine m'malo mwawo.
Akuti tidikire miyezi itatu, mapepala apite ku Lilongwe.
Uno ndi wachisanu.
Khola lili pululu, mvula yayamba kununkhira.

M'mawa uliwonse amakhala pakhonde nsapato zili kuphazi.
"Velenasi, kalata yabwera?"
"Sinabwere, Kopolo,"
poti ndi dzina lokhalo limene amatembenukira.

Usiku, ana akagona,
ndimanong'ona nambala ija ndikutsuka mbale,
kutsogolo, kenako chobwerera m'mbuyo.
Ndikuiloweza.
Tsiku lina idzawathawa nayonso,
ndipo padzafunika wina woimirira pakauntala paja
zidendene pamodzi.