Wogulitsa Khofi pa Siteshoni ya Retiro

Ine ndine Ofelia. Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndakhala ndikukankha ngolo ya mafulasiki asanu ndi limodzi
pakhomo pa siteshoni ya Retiro, muno mu Buenos Aires,
pomwe sitima zimalavula anthu m'mawa
n'kuwamezanso dzuwa likapendeka.

Mlendo sasowa.
Ife eni mzinda timayenda maso pansi, chikwama pamimba
ngati tonse ndife oyembekezera.
Iye amayenda khosi lili m'mwamba
kuwerenga mawindo a nsanja ya wotchi,
foni ili m'thumba lakumbuyo, itasuzumira kunja
ngati mwanapiye wofuna kuona dziko.

Dzulo kunabwera wina, wamtali, wopsa ndi dzuwa,
mapu m'manja, kamera m'chikwama.
Ndinaona zonse. Ine ndimaona zonse.
Mtsikana wa jekete yobiriwira anamudutsa kumbuyo,
kabotolo m'chikhatho, tsaa!
zamadzimadzi zachikasu, zonunkha, paphewa.
Kenaka mayi waulemu wake, wa imvi,
wonga akuchokera ku Misa yoyamba:
"Pepani bambo, nkhunda zathuzi n'zopanda mwambo,
tulani chikwamacho ndikupukuteni."
Anatula.
Anathokoza kawiri m'chiyankhulo chathu, mothyolathyola.
Potembenuka, pansi panali mbee.

Amene anachinyamula ndimamudziwa.
Ndi Nahuel, mwana wa malemu Casilda,
wa kutsidya kwa njanji uko, kumene nyumba zimaberekana
njerwa pamwamba pa njerwa, zopanda pulasitala.
Ndinamumwetsapo mkaka ali ndi mano awiri okha.
Wapolisi atandifunsa, ndinati ndimawerenga chenji.
Usiku tulo sitinabwere,
lilime linandilemera m'kamwa ngati chitsulo cha njanji.

Lero m'mawa, pofuna kuchapa mtima,
ndaona mtsikana wachilendo, chikwama kumsana
chomuposa msinkhu, akuzungulirazungulira pamphambano,
ndipo jekete yobiriwira ija inali itamununkhiza kale.
Ndasiya ngolo. Ndathamanga ndi mawondo olirawa,
ndamugwira mkono:
"Mwanawe, zipi yako yayasamula. Chikwama chibwere kutsogolo.
Wina akati wadetsedwa, usaime,
yenda ndi litsiro lako mpaka kuhotela."

Wandiyang'ana.
Waona imvi zanga,
waona kansalu kopukutira makapu kali m'dzanja langa,
ndipo wakuwa.
Wandikankha, wafungatira katundu wake, liwiro
kudumpha msewu mabasi akumuimbira mahutala.
Asananyamuke kwawo anawerenga ndithu
za mayi waulemu wa imvi, wonyamula kansalu.
Anawerenga bwino. Sindingamunene.

Pobwerera ndapeza Nahuel ataima pa ngolo yanga,
dzanja lili pa kabokosi ka ndalama, osakatsegula.
"Ndimakulonderani, mayi Ofelia.
Musamasiye katundu chonchi, muno ndi mwa akuba."
Nsapato zake n'zatsopano, sizinaponde matope.
Ndamuthirira khofi, dala wopanda shuga,
wamwa osakwinya nkhope.
Walipira ndi ndalama yapepala ya dziko lina,
yojambulidwa mlatho umene sindidzawolokapo.
Ndati, "Amayi ako akanakhalapo..."
Wati, "Akanakhalapo akanadya lero."
Wapita.

Ndalamayo ndaitsindika pansi pa fulasiki la mkaka.
Siyanga, siyake,
mwiniwake mwina ali pamzere ku ofesi ya kazembe
kulemba dzina la bambo ake pa fomu yachitatu.
Pasipoti adzampatsa ina.
Kamera adzagula ina, yoposa ija.
Akafika kwawo adzasimba, ndipo omvera adzapukusa mitu
n'kulumbira kuti m'misewu yathu sadzalandira
ngakhale moni.

Chimene anyamatawa atibera ife ndi chimenecho:
dzanja lotambasulira mlendo
tsopano limaoneka ngati msampha.
Nanga zimenezi ndikadandaule kupolisi iti?

Sitima ya naini koloko yalowa.
Ndaona kale wina, chipewa chatsopano, khosi m'mwamba.
Kansalu kaja ndakabisa m'thumba la epuloni.
Ndingofuula mtengo wa khofi, mokweza kuposa masiku onse,
mwina atembenuka,
mwina aona amene ali kumbuyo kwake.