Batani Lofiira la pa M'baluku

Batani lofiira linafa Lachiwiri.
Ana a pa M'baluku alimenya chaka chathunthu
ndi zala zonona mafuta a zitumbuwa.
Lero munthu wa pasikirini wangoima ngati chitsa,
akumuponda, iye osabwezera.

Che Twaibu atsegula mimba ya makina:
fumbi, mapiko a mphemvu,
kandalama kachitsulo kamene kanasochera kalekale,
ndipo pansi pa batani kabokosi kakuda,
ka miyendo itatu yamkuwa.
Akadina ndi chikhadabo. Zii.

Ayala tiswitchi titatu pa nyuzipepala.

Koyamba n'ka ku Limbe, ka mtengo wozizira.
Ukangokapumira kavomera kale,
ngati mboni yogulidwa.
Kachiwiri anakazula m'mayikulowevu yopsa
imene kuki wa ku Nkopola anataya kudzala,
kouma khosi, kofuna chala cha mmisiri wa njerwa.
Mwana angathyoke mfundo
chibakera chisanatuluke.

Kachitatu kanadza m'thumba la jekete la Ajasi,
mlamu wawo wa ku Joni,
amene anabwera opanda njinga, opanda malata,
koma aka kokha, kokulunga m'tikiti ya basi.
Che Twaibu akaika pakhutu
ngati wosankha vwende pamsika.
Kete. Kete.
Kokana pang'ono, kenako n'kulola.
"Aka kali ndi ulemu," atero, osayang'ana munthu.

Akakankhira m'timano tiwiri ta pulasitiki,
kakhala, thi.
Waya wakuda ku mwendo wapansi.
Wofiira, maso a zaka makumi asanu ndi limodzi
asankha mwendo woyandikira.

Ayatsa.
Munthu uja ayamba kuponya mateche yekha,
mumphepo, mosalekeza, ngati wagwidwa majini.
Ukadina batani ndiye aleka.
Ana agwa nazo pansi, wina mpaka kutsamwa chingwa cha nzimbe.

Asiyatu saseka.
Ndiye amene amathetsa anyamata mankhalu pano,
dengu la mandasi lili pambali.
"Mwendo winawo, Che Twaibu.
Umenewo ngotseka chibadwire.
Winawo umadikira kuti uupemphe."

Mdala ayang'ana mtsikana, ayang'ana waya,
akanda ndevu ndi sikuludiraiva.
Asuntha kachipewa ka waya, akafinya ndi pulayala,
abwezera chivundikiro, sikuluwu imodzi yatsala
monga mwa nthawi zonse.

Asiyatu apukuta dzanja pachitenje,
aponya ndalama m'kamwa mwa makina,
ndipo pomwepo magetsi, phethi.
Feni ya m'golosale yoyandikana izungulira kawiri n'kuima.
Kumzikiti adhana yayamba popanda chimkuzamawu.

Ana amwazika, akutukwana mawaya a m'mwamba.
Iye atsala mumdimamo,
chala pa batani lofiira.
Kete.
Adinanso, kumvetsera kubwerera kwake.
"Ndalama yanga musadye," atero, akusenza dengu.
"Akayaka ndine woyamba."