Telala wa ku Migowi pa Msewu wa Vikitoliya

Ndinabwerera kachitsulo kochepa ngati chikhadabo,
kamene kamazunguliza ulusi m'mimba mwa makina anga.
Mwini sitolo anakatembenuza, napukusa mutu:
"Katundu akadali pa Mwanza, bwerani mawa."
Mawa la m'tauni ndi lodula, achimwene,
limadya ya pakamwa, limadyanso ya pogona.

Ndiye ndinakwera chitunda kulowa Vikitoliya,
jumbo m'khwapa, dzanja pathumba
monga anandilangizira amake Esinala.

Ena akafika pano amawerenga nyumba zosanja.
Anga ndi maso a telala, amagwera pamsoko.
Mnyamata wa kubanki uyo, tayi wofiira, nsapato zowala,
jekete lake n'lapakaunjika, ndalidziwa,
anabweza manja ndi ulusi wosiyana mtundu.
Koma mayendedwe akewo! Ngati msewu anagula ndi bambo ake.

Pansi pa ambulera mtsikana wa mayunitsi
akutafuna chinangwa, akuwerenga chenji, akukalipira foni,
zonse ndi pakamwa pamodzi.
Wosintha ndalama wandinong'oneza, "Randi, dola, madala,"
ndamuseka: ine wa makwacha opindidwa kanayi m'sokosi?
Wopukuta nsapato wayang'ana mapazi anga,
waona fumbi la Phalombe, wandikhululukira.
Njovu zosema zafola m'mbali kudikira mzungu,
wakhungu akukhwacha banjo ya zingwe zitatu,
kamwana kakumugwirira mbale, kakusinza chiimire.
Kumunsi uko minibasi zikung'ambana,
"Limbe! Limbe! Awiri otsala!"
ndipo awiriwo satha, ngati ngongole za makasitomala anga.

Itakwana faifi, wina anakoka ulusi.
Msewu wonse unasomphoka:
chigamba china ku Ndirande, china ku Bangwe,
Chilomoni, Zingwangwa, aliyense ndi kajumbo ka bonya.
Zitseko zachitsulo zinatsika mokuwa.
Chiperoni chinatsika nacho, mwakachetechete,
kumeza Soche mpaka m'chiuno.

Ndinapeza pogona chakufupi ndi Wenela,
chipinda nambala naini, kiyi womangirira kuthabwa,
kasopo kodulidwa ndi mpeni, bulangete lonunkha alendo.
Khoma lake ngati nsalu ya ukonde:
kumanzere wina akutsokomola,
kumanja wina akupempherera pasipoti.
Magetsi anathima pakati pa pemphero.

Tulo titakana ndinatuluka pakhonde.
Mlonda, a Likoswe, anakhala pa kreti,
jasi lawo litaseka kuyambira paphewa mpaka m'khwapa,
mphepo ikulowa ndi kutuluka osapereka moni.
Ndinati, vulani.
Singano sindisiya, imagona pakolala ya malaya.
Iwo anandiunikira ndi kafoni kosweka galasi,
ine ndikusoka, iwo akusimba:
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akulondera tulo ta eni,
Vikitoliya amamudziwa usiku wokha,
pamene agalu ndi mapepala ndiwo amayendamo,
ndi ana ogona pamakatoni pakhomo pa banki,
mitu yawo itatsamira khoma la ndalama.

Atavala anatambasula manja ngati khwangwala.
"Zingati?" Ndinati, tiyi.
Anandithirira m'chitini cha majarini, shuga wakutali,
kenaka anati, "Kachitsulo kanuko musavutike n'kusitolo.
Kuseri kwa msika, potsikira ku Mudi,
kuli a Mpinganjira, ali ndi manda a makina."

M'mawa ndinakapeza m'beseni la dzimbiri,
pakati pa maloko akufa ndi mano a njinga.
Mtengo wake sunafike ngakhale wa chipinda chija.

Ndinadutsanso Vikitoliya asanatsegule masitolo,
amayi a khonsolo akusesa dzulo.
Mnyamata wa tayi wofiira anandipitirira akuthamanga,
batani lapakati likulendewera pa kaulusi kamodzi.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane,
dzanja lili kale pakolala,
koma ya ku Migowi inali italiza hutala,
awiri otsala.