Kuseri kwa Risiti

Ndalemba kuseri kwa risiti ya panado
poti pepala lina linali kutali:
Kemisitiri. Bayoloji. Masamu.
Pansi pake ndajambula mzere
ngati ndikuwonkhetsa ngongole.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa kauntala iyi,
mumsewu wotsikira ku Copacabana
kumene makondakitala amakuwa mpaka mawu kusasa.
Shelefu ya mankhwala a shuga ndimaipeza chitsinzinire.
Munthu amene ndalama yamuperewera ndimamudziwa
asanatsegule n'komwe kachikwama.
Koma kuseri kwa galasi,
kumene a Mudzingwa amamasulira zolemba za madokotala
zokhotakhota ngati mopalasa nkhuku,
kumeneko sindiponda.
Kumafunika pepala.

Ku yunivesite mayi wa pawindo sanadzutse mutu.
Anati Kemisitiri ndiye khomo,
wopanda iyo asagogode.
Ine Kemisitiri ndinaigwa
chaka chimene bambo anagona m'chipatala miyezi inayi,
ine n'kumawerenga mayina a mabotolo awo
m'malo mwa mabuku.
Bayoloji ndinakhoza. Ili m'sutikesi,
pansi pa nsalu za amayi, ikununkha sopo.
Mayi uja anati ndi bwino zonse zitatu zibwere pamodzi,
za mayeso amodzi.
Ndiye kuti nayonso ndiifukule,
ndiyambirenso kudula mtima wa nkhosa.

Lolemba ndi Lachitatu, sukulu ya madzulo
pamwamba pa sitolo ya matayala.
Lachinayi Masamu, ngati kombi ya sikisi singandisiye.
Labu ndi Loweruka m'mawa,
tsiku limene mzere umafika pakhomo.
Rufaro akuti andigwirira,
bola ndimutengere Masande onse mpaka Disembala.
Ndavomera. Wofuna uchi sawerenga mbola.

Fizi ndaigawa patatu.
Gawo lachitatu silinapeze mwini.

Ku Dzivarasekwa magetsi apita kale.
Mlongo wanga Dziwani akuwerenga ndi zala
pa kuwala kwa foni:
ziwiri za Fomu Sikisi, zinayi za digiri,
china cha kuyeserera ntchito,
ndiye kuti iwe Esinala udzavala chijasi choyera
uli ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.
Akuseka.
Ndati, nanga ndikapanda kupita
ndidzakhala ndi zingati?
Wayang'ana zala zake, wazibweza m'thumba.

Amayi sananene kanthu.
Angosuntha wailesi pa tebulo,
apukuta fumbi pamalo pake,
n'kuikapo kandulo yatsopano, yosayatsapo.

Usiku ndakhoma tchati pakhoma,
chija cha timabokosi tambirimbiri,
chimene a Mudzingwa anandipatsa chong'ambika pakona.
Sodiyamu ndikumudziwa, amakhala m'mchere.
Ayironi amagulidwa ndi amayi oyembekezera,
shelefu yachiwiri, kumanzere.
Lifiyamu ndinamuwona kamodzi,
m'manja mwa mnyamata wonjenjemera.
Enawa ndi alendo, ndipo ndi ambiri.

Lingiliro wadzuka kukataya madzi.
Waima pansi pa tchati, diso limodzi lili mtulo,
akulondola timabokosi ndi chala
monga amachitira pofuna tsiku lotsekera sukulu.
Amama, iyi ndi kalendala?

Ndati eya, ndi kalendala.

Nanga lero ndi pati?

Ndamugwira chala, ndachikweza
mpaka pakona ya pamwamba, kumanzere,
pa kabokosi koyamba
kokhala kokha.